Tsiku Lotola Mafupa a Apongozi

A Tai Wen-kuei agwira ntchito ya mipope kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi pa fakitale imodzi yomweyo ku Hsinchu, mzinda wa pa chilumba choyang'anana ndi China, koma m'zaka zonsezo sanapondepo m'chipinda cha makina. Malo awo ndi pansi pake, m'chiholo chachitali chopanda zenera, momwe mipope inayangayanga ngati mizu ya kachere. Pamwamba pa mutu wawo, anthu ovala zoyera kuyambira kumutu mpaka kuphazi amasema tiubongo ta makompyuta, tija mayiko akuluakulu akulimbirana masiku ano. Tiubongoto timatsukidwa ndi madzi oyera kuposa madzi alionse amene munthu anamwapo, ndipo ntchito ya a Tai ndi kuona kuti madziwo akukwera, masefa asinthidwa pa nthawi yake, ndiponso palibe podontha. Makina onse amawadziwira kumapazi. Mukawafunsa kuti makina akutiakuti amachita chiyani, amangoti, “Amenewo amamwa ngati ng'ombe, ndipo mpope wake wakumanzere umalira kukazizira.”

Ndi munthu wamfupi, wa mapewa otambalala, wosalankhula asanafunsidwe. Koma akafunsidwa amanena zonse, mpaka ndi zimene sanafunsidwe zomwe. Khalidwe limeneli m'nyumba ya mapemphero amalitcha kuona mtima. Ku ofesi ya chitetezo lili ndi dzina lina.

Anabadwira ku Hsinpu, kumapiri, pakati pa anthu a mtundu wa Ahakka, oyanika zipatso pa mphepo. Usilikali anakauchitira pa chilumba cha Kinmen, pomwe kunja kukayera munthu amaona ndi maso nyumba za ku China. Zaka ziwiri analoza mfuti kutsidyako osaombera ngakhale khwangwala, ndipo chimene anabwerako nacho ndi luso lokonza mipope ya m'misasa. Atafika zaka makumi atatu ndi zitatu asanakwatire, azakhali awo anatopa nawo nawapezera mkazi kutsidya komweko, kumapiri a Meizhou, kumene makolo a Ahakka ambiri a kuno anachokera kalekale. Dzina lake Zeng Lian. Chilankhulo chinali chimodzi, mpiru wouma wophikira nkhumba unali womwewo, ndipo masiku amenewo ukwati wotere sunkadabwitsa munthu.

Bambo a Lian anali ndi ana atatu, onse aakazi. Tsiku limene a Tai anapita kukatenga mkazi, mdalayo sanawafunse za nyumba kapena za ntchito. Anakwera nawo phiri la kuseri kwa mudzi, akupumira m'mwamba, ndipo atafika pa mtengo wina anaima.

“Mkamwini, ine mwana wamwamuna ndilibe. Mafupa anga adzatola ndani?”

“Ndidzatola ine, bambo.”

“Nyanja ijatu ndi yaikulu.”

“Ndidzawoloka.”

Anangolankhulana zomwezo, natsika.

Mhakka amaikidwa kawiri. Poyamba amagona m'bokosi zaka zingapo. Kenako abale amafukula, natola mafupa, kuwapukuta ndi kuwakhazika mumtsuko, kuyambira a kumapazi mpaka chigaza, kuti munthu akhale tsonga pa malo ake osatha. Mwana wamkazi amagwira ambulera yakuda kuti dzuwa lisaone mafupawo. Koma khasu loyamba ndi chigaza ndi za mwana wamwamuna, ndipo pomwe palibe mwana wamwamuna, ndi za amene mwini wake anamutchula ali moyo.

Mdala Zeng atagona m'nthaka zaka zisanu ndi zitatu, uthenga unabwera wakuti phiri lija lidulidwa chifukwa pakudutsa msewu, ndipo manda onse achokepo chaka chisanathe.

Tsiku lofukula munthu silisankhidwa ngati tsiku lopita kumsika. Kumudzi kwa a Lian wosankha masiku ndi agogo Liao, nkhalamba ya zaka makumi asanu ndi atatu ndi zitatu, ya diso limodzi, yoweta atsekwe. Amafuna tsiku ndi ola lobadwira la womwalira, la ana ake, la akamwini ndi la adzukulu, kuti tsikulo lisalimbane ndi munthu aliyense. Foni alibe, amalankhulira pa ya mayi wa pagolosale. Loweruka lina masana a Lian anakhala pa tebulo la kukhitchini akuwerengera agogowo zonsezi mokuwa, pakuti khutu nalonso linali litayamba kuwathawa. A Tai analowa akupukuta m'manja.

“Mayi a Pei, muwauze kuti asangosankha. Ine ndimalowa masiku awiri n'kupuma awiri. Ndipo mwezi wachisanu ndi chitatu muli masabata atatu oti palibe akupatsidwa tchuthi.”

“Auzeni nokha, pakamwa muli napo.”

“Sangagwire zonsezo pa khutu. Ingojambulani pepalalo.”

Pepalalo linali pa chitseko cha fuliji, pomwe lakhala likumatidwa kwa zaka zambirimbiri: ndandanda ya masiku a ntchito ya gulu la mipope, ya chizindikiro cha kampani pamwamba. Kapitawo ndiye ankaigawa, kuti kunyumba azidziwa tsiku lomangira munthu kamba. Masabata atatu aja anali olembedwa ndi inki yofiira. A Lian anajambula natumiza. Patapita kanthawi mawu a agogo Liao anamveka, osangalala.

“Eee, wachita bwino mkamwini! Masiku amwayi wawalemba kale zofiira.”

“Iyayi, agogo!” A Tai analanda foni. “Ofiirawo musawakhudze! Kukubwera makina atsopano ochokera ku Ulaya, aakulu ngati basi. Akufika pa tsiku loyamba lofiiralo, ndipo mipope yake ndilumikiza ndine. Popanda ine samwa madzi.”

“Ati chiyani? Basi?”

“Makina, agogo! A ku Ulaya!”

“Ooo. Chabwino, ndamva.”

Patatha sabata yankho linabwera: tsiku lachisanu ndi chimodzi la mwezi wachisanu ndi chinayi pa kalendala ya makolo, ola la njoka, kuyambira naini koloko m'mawa. Linagwera pa tsiku lawo lopuma. A Tai anati nkhalamba ija imadziwadi ntchito yake.

Kale munthu akanangogula tikiti. Koma m'zaka zimenezi Amereka anali ataletsa kuti tiubongo tapamwamba ndi makina otipangira zisapite ku China, poopa kuti tilowa m'zida zankhondo. China inakwiya, ndipo ndege zake zinachuluka pamwamba pa nyanja. Boma la kuno nalo linalemba maluso amene ndi chinsinsi cha dziko, ndipo ogwira ntchito pa maluso amenewo anayamba kupempha chilolezo asanawoloke. A Tai luso lotero alibe. Koma khadi lawo la pakhosi limatsegula chitseko cha pansi pa chipinda chimodzi cholembedwacho, choncho dzina lawo linalowa pamodzi ndi a akatswiri a masukulu aatali.

Mnzawo wa pa mipope, Fan Chin-lai, amene adya naye tebulo limodzi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, nkhaniyi inamukomera ngati nyama.

“Mwakwera, achimwene! Chinsinsi cha dziko! Inetu ndimayesa ndinu pulambala ngati ine.”

“Idya mpunga wakowo.”

“Ayi, ndifuna ndidziwe. Akakakugwirani kumeneko n'kukupanikizani, mukaulula chiyani? Kuti sipanala imamangira kumanja?”

“Ndikaulula kuti iwe umagona kuseri kwa thanki yachitatu.”

“Zimenezo Amereka akuzidziwa kale.”

A Tai anadzaza fomu ya masamba asanu ndi anayi kutatsala masiku makumi asanu ndi awiri, ndipo anaitanidwa ku ofesi ya chitetezo ya kampani, pa nsanjika yachinayi. Anapezako mayi wachitsikana, wosasiyana msinkhu kwenikweni ndi mwana wawo Pei. Dzina lake anali Kung, wa ku Taipei, waulemu ndi wotopa.

“Bambo Tai, pa cholinga cha ulendo mwalemba kuti kukatola mafupa. Mafupa a chiyani?”

“A munthu, mayi. A apongozi anga.”

“Pepani. Kwathu timawotcha, ndiye zimenezi sindizidziwa bwino. Mukubwera nawo kuno?”

“Adzatani kuno? Kwawo ndi komweko.”

Kung anayang'ana pa kompyuta. “Mwa anthu amene mukakumane nawo, alipo wa m'boma, wa chipani kapena wa usilikali?”

“Amene ndikukamuonayo anamwalira kalekale. Ngati walowa chipani kumene aliko, sanandiuze.”

Kung anabisa kumwetulira. Zonse zinkayenda bwino. Anati chilolezo chimatenga miyezi iwiri, nthawi zina kupitirirako, nafunsa ngati tsikulo lingasunthe pang'ono zitavuta. Apa mpamene a Tai akanangoti ayi n'kutseka pakamwa.

“Silingasunthe, mayi. Si tsiku lotola pansi limeneli. Agogo Liao analisankha atayang'ana zonse, mpaka ndandanda yanga ya ntchito. Masiku a makina atsopano aja anawazemba bwinobwino.”

Zala za Kung zinaima.

“Ndandanda iti?”

“Ya pa fuliji.”

“Agogo Liao amenewo ali kuti?”

“Kumudzi. Ku Meizhou.”

“Nanga ndandandayo anaiona bwanji?”

“Tinajambula n'kutumiza. Akanaiona bwanji, amauluka?”

“Bambo Tai,” anatero Kung pang'onopang'ono, ngati munthu wotsika makwerero oterera, “mukundiuza kuti munatumiza ku China pepala la kampani losonyeza tsiku lofika makina atsopano?”

“Sindinatumize ku China ine. Ndinatumiza kwa agogo Liao.”

Kung anagwira kumaso ndi manja onse awiri. “Ine sindinakufunseni zimenezi, bambo. Koma mwanena, ine ndamva, ndipo chojambulira mawu ichi chamvanso.”

Masana omwewo khadi lawo linasiya kutsegula chitseko cha pansi. Anawatumiza ku nyumba ya maofesi kukasamala zimbudzi ndi masinki mpaka kafukufuku atatha, ndipo pempho la chilolezo linaimitsidwa.

Sabata yotsatira kunabwera amuna awiri a boma, wina wa imvi, wina wa magalasi. Mafunso awo anali asanu, koma anawafunsa masiku atatu, tsiku lililonse kuyambira kwina. Foni ya a Lian anaitenga. Pomaliza anagamula kuti chithunzicho chifufutidwe kutsidya komwe, iwo akumva ndi makutu awo. Anaika foni pakati pa tebulo mu ofesi ya Kung, naimba kumudzi kuja. Wa imviyo anali Mhakka, choncho womasulira sanafunike.

Mayi wa pagolosale anati chithunzicho anachifufuta kalekale, foni inali itadzaza ndi adzukulu. Wa magalasi anapumira pansi. Koma mayiyo, pofuna kuthandiza, anali atatuma kale uthenga kwa agogo Liao, ndipo posakhalitsa mawu awo anamveka pa foni.

“Ndani? Mkamwini wa Zeng? Wadya?”

“Ndadya, agogo. Pepala lija ndinakutumizirani lija…”

“Lilipo, usade nkhawa. Pa kagalasi paja zilembo zinali ngati nyerere, ndiye ndinakopera ndi burashi pa chipepala chachikulu.”

“Munakopera zonse?”

“Zonse. Ine sindisiya kanthu. Ndinamata pa chitseko cha nyumba ya makolo, kuti abale aone chifukwa chake sitinatenge mwezi wachisanu ndi chitatu. Ndinalemba kuti masiku awa mkamwini akumwetsa makina a ku Ulaya. Anthutu akukutama kuno.”

Wa magalasi ananong'ona: “Afunseni kuti awerenga ndi angati.”

“Mudzi wonse,” anatero agogo Liao atafunsidwa. “Ndi wa positi yemwe. Kupatula m'munsimu, atsekwe anadyamo.”

“Agogo, chonde mukaling'ambe.”

“Nding'ambe pepala la pa chitseko cha makolo tsiku lisanafike? Wamwa chiyani, mwana iwe? Ukufuna apongozi ako akubwerere kutulo?”

Wa imvi anawerama nalemba nthawi yaitali, mapewa ake akugwedezeka pang'ono. Koma zimene analembazo sizinaseke. Nkhani inakula, inafuna siginecha za anthu ena, ndipo anthu enawo anali ndi nkhani zina.

Masiku ofiira aja anakwana. A Tai anaona makinawo akufika ali pa zenera la chimbudzi cha nsanjika yachitatu, sipanala ili m'manja. Malole analowa motsogozana, apolisi patsogolo, ndipo kunja kwa geti kunali anthu a nyuzipepala ndi ongodutsa akujambula ndi mafoni awo mosabisa. Mipope yake analumikiza wina. Tsiku lomwelo anakwera kwa Kung kukamufunsa kuti chinsinsi chake chinali chiti, poti Hsinchu yense waona.

“Kufika kwake aliyense waona, bambo. Tsiku lake ndiye linali lisanalengezedwe.”

“Ndiye poti tsopano lalengezedwa?”

“Mlandu ndi wa tsiku limene munatumiza.”

Kunyumba kunali kotentha kuposa ku ofesi. A Lian amagwira ntchito kunyumba yosungira okalamba, ndipo akabwerako amakhala ndi mphamvu ya pakamwa yokha.

“Zaka makumi awiri ndi zinayi, bambo a Pei. Chitupa cha unzika wa kuno ndinachidikira mpaka ndinatsala pang'ono kumera imvi. Kumsika mpaka lero amati mkazi wa kutsidya uja. Ndasambitsa amayi awo, ndapukuta abambo awo, lero akuti ndine kazitape. Kazitape wa matewera a nkhalamba!”

“Sananene kuti ndinu kazitape.”

“Foni yanga anaisunga masiku anayi kuti aipukute fumbi? Ndipo inuyo, anakufunsani ndani za fuliji? Pakamwa panupo pamadontha kuposa mipope yanu.”

A Tai anadziwa kuti zinali zoona.

Anayesa kupempha tsiku lina. Agogo Liao anati m'chaka chonsecho mulibenso tsiku losalimbana ndi a Lian kapena ndi mng'ono wawo, ndipo mathirakitala a msewu kalendala sawerenga. Fan anali ndi nzeru yake.

“Mapanga awiri avumbwitsa, achimwene. Sankhani, kampani kapena apongozi. Ndikanakhala ine bwenzi nditazemba, kudzera ku Hong Kong. Ndani akakuwerengeni? Mwatsala zaka zingati kuti mupume? Akakuchotsani mudzakonza zimbudzi za m'tauni, pano mwazolowera kale.”

A Tai anamutukwana, koma mawuwo anagona nawo sabata yathunthu. Mpaka anatsitsa sutikesi pamwamba pa kabati naipukuta.

Lamulungu kunabwera Pei kudzadya cha masana. Ndiye mwana wawo yekhayo, ndipo anali atangotha miyezi isanu ndi iwiri pa kampani yomweyo, pamwamba, pakati pa ovala zoyera. M'banja lonse la a Tai ndiye woyamba kuona makina aja kumaso. Anaona sutikesiyo pakhomo la kuchipinda.

“Ababa, pitani basi. Agogo munawalonjeza.”

“Mabwana ako anena chiyani?”

“Palibe.”

“Pei.”

“Anangondiitana. Anafunsa ngati kunyumba timakamba za kuntchito, ndiponso kuti amayi amapita kangati kwawo. Akuti za inu zikatha bwino, ine ndilibe vuto.”

“Zikapanda kutha bwino?”

Pei anatola kanjere ka mpunga pa tebulo nakaika m'mphepete mwa mbale. “Mafakitale ndi ambiri, ababa.”

Mafakitale ndi ambiridi, koma onse amafunsana, ndipo mwana wa munthu amene anawoloka mozemba ali pa kafukufuku, amayi ake a kutsidya, sangavalenso zoyera pa chilumba chino. A Tai ankadziwa zimenezi, ndipo Pei nayenso ankazidziwa. Mwanayo atachoka, anakweza sutikesi ija pamalo pake. A Lian anaimirira pakhomo akuyang'ana.

“Ndiye chigaza cha bambo anga achigwire Dehua?”

Dehua ndi mwana wa mchimwene wa malemuyo. Anakangana ndi mdala Zeng za malire a munda wa malalanje, ndipo kwa zaka khumi sanapatsane moni mpaka imfa. Pakapanda a Tai, mwamuna wapafupi pa mtunduwo ndi iyeyo.

“Chilolezo chikhoza kutuluka, mayi a Pei. Masiku akadalipo.”

“Chidzatuluka tsiku limene atsekwe a agogo Liao adzayambe sukulu.”

Kuyambira pamenepo a Tai ankakwera ku nsanjika yachinayi Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse, n'kuima pakhomo chipewa chili m'manja. Kung ankapukusa mutu, iwo n'kutsika. Kutatsala masiku atatu, a Lian atanyamuka kale okha, Kung anaimirira atawaona.

“Kafukufuku watha, bambo. Apeza kuti panalibe cholinga choipa.”

“Zikomo. Nanga chilolezo?”

“Chapita ku komiti. Komiti imakhala kamodzi pa mwezi.”

“Ikhala liti?”

“Inakhala dzana.”

A Tai anakhala pa mpando osauzidwa.

“Mwana wanga, munthu ali m'nthaka akudikira, mathirakitala ali m'munsi mwa phiri. Amereka ndi China akufuna chiyani kwa ine? Anandionapo? Ine ndi wa madzi. Ndinakhalapo ndi mfuti m'manja zaka ziwiri chifukwa cha dziko lino, palibe anandipatsa fomu. Lero ndikufuna kukagwira khasu, mukuti komiti.”

“Ndikudziwa, bambo. Ndinalemba kalata kawiri. Ndinaimbanso foni mpaka anayamba kundizemba.” Anakankhira pepala lina patsogolo pawo, maso ali pansi. “Palinso ichi. Khadi lanu libwerera mukachita maphunziro a kasungidwe ka chinsinsi. Ndi a tsiku limodzi. Gulu lonse la mipope likakhalako, poti zapezeka kuti ndandanda ija inali pa fuliji ya aliyense.”

A Tai anawerenga tsikulo, nalitembenuza m'mutu pa kalendala ya makolo. Linali lomwe lija la agogo Liao.

“Wasankha tsiku limeneli ndani?”

“Kompyuta.”

“Nayonso imasankha masiku? Inafunsa ola langa lobadwira?”

“Ndikhoza kukusunthirani, bambo. Ena alipo pakatha miyezi itatu.”

“Zisiyeni. Kunyumba ndikakhala ndi makoma okha.”

Maphunzirowo anachitikira m'chipinda cha pansi, chopanda zenera. Mafoni onse anatsekeredwa m'timakabati ta pakhomo. Munali anthu khumi ndi awiri, onse a mipope, onse okwiya chifukwa linali tsiku lawo lopuma. Mphunzitsi anali bambo wa tayi, wochokera kunja kwa kampani, ndipo anayamba eyiti koloko yeniyeni. Anafotokoza mmene mdani amapezera chinsinsi: mphatso, mowa, akazi okongola, ntchito ya malipiro ambiri.

“Akazi okongolawo amapezeka kuti, aphunzitsi?” anafunsa Fan. “Zaka zonsezi ine sanandiyesepo.”

Mphunzitsi sanaseke. Anapitirira ku chitsanzo chatsopano, cha wantchito wina amene dzina lake anati alibisa, yemwe anatumiza ndandanda ya ntchito kwa munthu wa kutsidya. Mitu khumi ndi umodzi inatembenuka. A Tai sanaione, maso awo anali pa wotchi ya pakhoma. Muvi utafika pa naini, ola la njoka lija, anakweza dzanja.

“Aphunzitsi, kunyanja ndi mbali iti?”

“Mwati bwanji?”

“Muno mulibe zenera. Ndati kumadzulo ndi kuti?”

Mphunzitsi anayang'ana mapepala ake, ngati akukayika kuti mwina nazonso n'zosanena. Anayankha ndi Fan, ndipo mawu ake anali atasintha.

“Uko, achimwene, kuli chozimitsira moto uko. Mpope waukulu umalowera chakumeneko.”

A Tai anaimirira, namanga batani la pakhosi, nakankhira mpando pambali. Anapita mpaka pafupi ndi khoma la mbali imeneyo, loyang'ana kutsidya kwa apongozi, nagwada movutikira, bondo limodzi kenako linzake. Anagunda chipumi pansi katatu, osafulumira. Palibe anaseka. Kapitawo, amene ndi Mhakka nayenso, anavula magalasi nayamba kuwapukuta. A Tai anakhala chogwada kanthawi, kenako anagwira khoma nadzuka, nabwerera pa mpando wawo.

“Tipitirize?” anafunsa mphunzitsi.

“Pitirizani.”

Nthawi ya chakudya a Tai anatsegula kabati natenga foni. Munali chithunzi chimodzi: dothi lofiira, ndi manja awiri a mwamuna atanyamula chinthu chokulunga m'nsalu. Pansi pake a Lian analemba kuti, “Zatheka. Dehua wagwira bwino, mpaka wagwetsa misozi. Anthu amafunsa za inu. Musaimbe lero.”

Fan anabwera ndi mbale ziwiri za mpunga, nakhala pambali pawo. Anasuzumira pa foni, natsegula pakamwa, natsekanso. Anayamba kudya. A Tai anakulitsa chithunzicho ndi zala kuti aone ngati chigazacho chagwiridwa ndi manja onse awiri pansi pake, monga kuyenera. Chinagwiridwa bwino.

Belu la maphunziro a masana linalira. Anabweza foni m'kabati, natseka, nalowa.